Ulemu kwa Mgodi wa Pathebulo

Agogo athu ankakwera ndege za Wenela kupita ku Joni, n'kumatsikira pansi pa nthaka kukasaka golide. Ife mwayi watipeza tili khale pampando. Ungotsitsa pulogalamu yokumbira ndalama za pa intaneti, kuiika pa kompyuta ya kunyumba, basi wasanduka mwini mgodi, wopanda chisoti, wopanda fumbi m'mapapo. Pulogalamu yotereyi tingaleke bwanji kuiombera m'manja?

Ulemu wake umayamba isanagwire n'komwe ntchito. Antivayirasi imakuwa kuti kwalowa wakuba, poti mbava za pa intaneti zimakonda kubisa mapulogalamu ngati XMRig m'makompyuta a eni ake. Ndiye iwe mwini nyumba umachita kupempha mlonda wako kuti ayang'ane kumbali. Ndi mlendo uti wina amene amalandiridwa chonchi?

Koma chimene chimandigonjetsa ine ndi khama lake. Ntchito yake ndi kulosera manambala usana ndi usiku, poti pafupifupi mphindi 10 zilizonse Bitcoin imapereka mphotho kwa amene walasa. Satoshi Nakamoto atayambitsa ndalamayi mu 2009, mphothoyo inali ma bitcoin 50, ndipo kompyuta wamba inkatha kuipata. Idadulidwa pakati mu 2012, mu 2016, mu 2020 komanso mu 2024, moti lero yatsala 3.125. Kuyambira 2013 mpikisano udalandidwa ndi makina a ASIC, opangidwira ntchito yokhayi, amene amadzaza zinyumba zikuluzikulu ku Texas. Okumba akachuluka, masamuwo amadziumitsa okha zikaperekedwa mphotho 2,016 zilizonse. Kakompyuta kako sikamva zonsezo. Kamangolira ndi fani yake, kosadandaula, kosapempha tchuthi, kakupikisana ndi zimphona zimene sikadzaziona.

Ena amati sikabweretsa phindu. Amenewo sanagonepo nako m'chipinda chimodzi mwezi wa June. Pafupifupi magetsi onse amene kamadya amasanduka kutentha, ndiye bulangete umalipinda n'kuliika pambali. Kamaphunzitsanso masamu: mwana amene ankathawa kuchotsera kusukulu amayamba kudziwa yekha kuti mayunitsi atsala angati pa mita, ndi kuti afika Lachinayi kapena ayi. Magetsi akathima, nyumba yonse imadziwa kukoma kwa bata.

Pali malo amene ntchitoyi imalipira ndithu. Ku Bondo ku Mulanje, kampani ya Gridless imakumba ndi magetsi otsala a makina oyendera madzi a m'phiri. Koma amenewo akuwerengera phindu, alibe mtima wodzipereka wa munthu wogula magetsi pamtengo wa kunyumba. Amene adagula makadi odula a GPU kuti akumbe Ethereum adaona pa 15 September 2022 ndalamayo ikusiyiratu zokumba. Ena adathawira ku ndalama zina zing'onozing'ono. A kompyuta wamba ali ku ndalama ya Monero, kusonkha mphamvu mu pool n'kumadikira kuti timanambala ta kuseri kwa kadontho tikwane potapa.

Ndipo pulogalamuyi imateteza mwini wake ku chisoni. James Howells wa ku Newport ku Wales adakumba kale, zinthu zili bwino, ndipo mu 2013 hard drive yake yokhala ndi ma bitcoin pafupifupi 8,000 idapita kudzala. Wakhala zaka akupempha khonsolo kuti akafukule, mpaka khoti lidamukanira mu January 2025. Iwe zimenezo sizingakugwere. Yako itapita kudzala mawa, ungalire zithunzi za ukwati zokha.