Sukulu ya Khosi ku Misuku

Popeza mtengo wa mafuta wakweranso, ndipo anyamata a njinga zamoto, amene kale ankanditsitsa ku Misuku kunka nane pa boma la Chitipa pakutha pa mwezi, tsopano akutchula mtengo umene mphunzitsi wa pulaimale sangaumve asanakhale pansi, ine ndatsimikiza mtima kukhala kumapiri kuno kufikira Ambuye atandikumbukira. Pofuna kunditonthoza, mnzanga wina wokonda kuwerenga wandiuza kuti ndine wodala, pakuti ku India, pamalo otchedwa Landour pafupi ndi Mussoorie, m'mapiri a Himalaya, kuli sukulu imene idayamba ndi amishonale, kumene azungu amalipira ndalama zawo kuti akwere phiri, akhale pakati pa eni dziko, namve Chihindi usana ndi usiku kufikira chitawalowa m'magazi. Iwo amalipira; ine, akuti, ndalandira chisomo chomwecho kwaulere.

Chimene mnzangayo sadziwa n'chakuti azungu aja amakwerera chilankhulo chimodzi, pamene Chitipa ndiko kudagwera njerwa za nsanja ya Babele. Ukapereka moni m'Chisukwa, akuyankha m'Chindali. Ukatsikira kwa Mwabulambya ndi Chindali chako chotolatolacho, upeza Chilambya chikukudikira. Kwa Kameme kuli Chinyiha, ku Nthalire Chitumbuka, ndipo wamalonda wowoloka Songwe akuwerengera chenji m'Chiswahili. Lilime langa la ku Dedza, poona khamu lotere, lidapempha kupuma pantchito, ndipo udindo wonse udagwera khosi.

Ndinene mosadzitama kuti khosi langa laphunzira msanga. Limagwedeza mutu m'Chisukwa, limagwedeza m'Chindali, ndipo pamaliro lili ndi kagwedezedwe kake kaulemu kamene akulu ampingo akayamikira poyera. Zipatso zake nazi. Lidavomera kugula mbuzi yotsimphina imene ndinkayesa kuti mwini wake akungondionetsa. Lidavomera usungichuma wa komiti ya mlatho. Ndipo pa msonkhano wina wa alimi a khofi, ine ndili kuganiza za mbatata ya kwathu, khosilo lidalonjeza pamaso pa mboni kuthira manyowa m'munda wa mkulu wina kufikira nyengo yothyola. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma adaiwala kunena kuti wofunsa ayenera kukhala nacho chilankhulo chofunsira. Motero ine phulalo ndalidya mpaka layamba kundikomera. Mayi a kunyumba, amene sadachedwe kuyamba kunenerera mitengo pamsika m'Chindali, alamula kuti ndisamatuluke ndekha pokhapokha khosilo litamangidwa ndi mpango.

Lolemba m'mawa ndimaima pamaso pa ana a Sitandade 1, kudzanja lamanja Chingerezi, chimene boma lidalengeza mu 2014 kuti ndicho chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, kulamanzere Chichewa, chimene chidakwezedwa kukhala cha fuko lonse mu 1968, ndipo ndikafunsa kuti, “Mwamva, ana inu?” timitu tonse timagwedera pamodzi. Kugwedeza kumeneko ndimakudziwa, pakuti ndi kwanga komwe. Mzungu wa ku Landour ndi munthu wamkulu, adasankha yekha, ndipo akatopa amakwera galimoto n'kutsika phiri. Koma mwana wa zaka 6 wa ku Misuku palibe adamufunsa, ndipo akalephera mayeso timamulemba kuti ndi wofooka m'mutu, chikhalirecho ndife amene sitidaphunzire ngakhale kumufunsa dzina lake m'chilankhulo cha amake.

Sabata yatha ndidalembera a komiti ya mlatho kalata yotula pansi udindo, m'Chichewa chomveka bwino, khosi losatengapo mbali. Akuluakuluwo adabwera okha kudzandiyankha, nalankhula nthawi yaitali m'Chisukwa, ine ndikumvetsera mwaulemu wonse. Ndipo atachoka, mayi adandiuza kuti tsopano ndine wapampando.