Mapointi Akapita Sabwerera

Ku Britain, mwini khadi la American Express atha kusamutsira mapointi ake ku kampani ya ndege ya British Airways, pointi imodzi n'kusanduka Avios imodzi, pointi yogulira tikiti ya ndege. Ulendo waulere, eti? Dikirani kaye. Mapointiwo akangowoloka sabwereranso, ngati mchere wobwereka mnansi. Ndiye munthu amasamutsa onse mtima uli m'mwamba, n'kupeza kuti mipando ya mapointi ya mu Disembala inatha kalekale, yatsala ya Lachiwiri lina mu Febuluwale, pomwe kulibe ukwati kapena chinkhoswe choti n'kupitira. Akaupeza mpandowo, misonkho alipirabe ndi mapaundi enieni. Abale athu olota Khirisimasi kumudzi adziwenso kuti British Airways sitera ku Lilongwe. Yambani mwauona mpandowo, kusamutsa pambuyo.