Sindine Woyendetsa Ndege, Achimwene

Kempton Park, ku Joni

Okondedwa Achimwene,

Kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha mu Juni chafika poti madzi a galu akumagona ali madzi n'kudzuka ali mwala. Amayi muwauze kuti bulangete lawo ndagula.

Chandilembetsa kalatayi ndi chithunzi chija ndinakutumizirani pa WhatsApp. Ndinatumizira inu nokha, koma ndamva kuti chafika mpaka kwa amfumu, ndipo pamsika wa Lirangwe nkhani ili mkamwamkamwa yoti mng'ono wanu wayamba kuyendetsa ndege. Sabata ino yokha ndalandira mafoni 9. Azakhali akuti ndidzawatenge pa Chileka Lachisanu adzaonane ndi madokotala a kuno. Akwaya akufuna kiyibodi. Mnyamata wina amene sindimudziwa n'komwe akuti ndi msuweni wanga, ndimupezere ntchito yopukuta mapiko. Achimwene, ndege imene ndaima pakhomo pake pachithunzipo inasiya kuuluka mu 2004. Jekete ndi magalasi akudawo ndi za bwana. Ine ndikadali m'gadeni, wilibala yake yomwe ija.

Mmene zinakhalira ndi motere. Bwana wanga watsopanoyu ndi mkulu wopuma pa ntchito, nyumba yake ili ku Bonaero Park, kuseri kwenikweni kwa bwalo la ndege la OR Tambo. Nditangoyamba ntchito ndinkamumvera chisoni. Ndinkati munthu wa ndalama zake n'kumakhala pamalo poti makapu akunjenjemera m'kabati usana ndi usiku? Kenako adona anandiuza kuti nyumbayo anaigulira dala phokosolo. Mkuluyu ali ndi matenda oonerera ndege. Sayendetsa, sakonza, sagulitsa matikiti. Amangoziona, kuzijambula, ndi kulemba manambala ake m'kope.

Ndipo si iye yekha. Loweruka lililonse m'mamawa timapita kumpanda wa bwalo, n'kupezako azibambo ena a imvi zawo, ena achinyamata, azungu, amwenye ndi akuda omwe, aliyense wanyamula kamera ya mlomo wautali ngati munsi wa amayi. Mtengo wa mlomo umodzi wokhawo, nditaufunsa, ndinangowerengera malata mumtima n'kupeza kuti tikhoza kufolera nyumba yanu, yanga, ndi khola la mbuzi. Ntchito yanga kumeneko ndi kunyamula makwerero, mipando iwiri ndi bokosi la zoziziritsa kukhosi. Mpanda ndi wautali, ndiye bwana amakwera pa makwerero kuti waya asaoneke pachithunzi, ine n'kugwirizira pansi. Udindo wanga wonse pa nkhani za ndege ndi umenewo, mukawauze amfumu.

Tsiku loyamba ndinafunsa bwana kuti tikudikira ndani. Anati palibe. Ndinafunsa ngati zithunzizo amagulitsa. Anati ayi. Ndinafunsa ngati boma limawalipira powerenga ndegezo. Anaseka mpaka kutsokomola. Kwathu munthu wamkulu atamaima pa Zalewa tsiku lonse n'kumalemba manambala a minibasi popanda womutuma, abale amakhala pansi n'kukambirana zopita naye ku Zomba. Kuno amamugulira chipewa cha dzuwa.

Koma pali nzeru zake, musaone kuseka. Ndege iliyonse ili ndi nambala yakeyake chakumchira, ngati mmene ilili galimoto, ndipo zilembo zoyambirira zimanena kwawo. Za kuno zambiri zimayamba ndi ZS, za ku Kenya 5Y, za ku Ethiopia ET, za ku Zambia 9J, za ku Britain G, za kwathu 7Q. Ndege ziwiri zikhoza kufanana utoto ngati mapasa, koma kwa anthu awa nambala ikasiyana ndiye kuti ndi nyama ina, iyenera kulowa m'kope. Imene anailemba kale amangoiyang'ana ngati nkhuku ya pakhomo. Ikabwera yachilendo, kapena yopakidwa utoto wapadera, mumaona madala akuthamanga ndi makwerero ngati kwagwa chimanga cha ulere. Ndipo salotera. Pafoni ali ndi pulogalamu yotchedwa Flightradar24 imene imaonetsa ndege zili m'mwamba, kumene zachokera, ndi mphindi zimene zatsala kuti zitere. Bwana amadziwa kuti ndege ya ku Nairobi yachedwa anthu odzachingamira abale awo asanadziwe.

Amayang'ananso mphepo. Ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anana ndi mphepo, ndiye ikatembenuka nafenso timalongedza katundu n'kuthamangira mbali ina ya bwalo. Dzuwa liyenera kukhala kumsana. Likatentha kwambiri akuti mpweya ukuvina, chithunzi sichituluka bwino. Tsiku lina bwana anajambula ndege yokongola zedi, ine n'kuombera m'manja, iye n'kuifufuta pomwepo chifukwa kamtengo ka magetsi kanaphimba tayala limodzi.

Tsopano imvani za chinkhoswe changa ndi Airbus A380. Imeneyi ndiye ndege yaikulu kuposa zonse zonyamula anthu, ya nsanjika kuchokera kumutu mpaka kumchira, mainjini 4, matayala 22, ndipo ya Emirates yochokera ku Dubai imanyamula anthu cha m'ma 500. Mudzi wathu wonse ungalowemo, mipando ina n'kutsalako ya anthu a kwa alamu. Tinaidikira maola awiri, mphepo ikulowa m'mafupa. Bwana anati kudikirako ndiye kukoma kwake, ine mumtima n'kuti inde, kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono sadikirira mu Juni. Kenako kunaoneka kanyali kutali. Kanyali kaja kanakhala nyali zingapo, nyali zija zinamera mapiko, ndipo chinthucho chinkabwera mwaulesi ngati sichikuyenda n'komwe. Mwadzidzidzi chinali pamutu pathu. Ndinaona mimba yake yonse, matayala ali lendelende ngati nthochi pamkoko, chifuwa changa chikulira ngati ng'oma. Achimwene, miyendo inaganiza yokha. Ndinasiya makwerero n'kudziponya mu udzu. Pamene matayala ankagunda pansi, utsi woyera uli fuu, bwana anali akuvina manganje pamwamba pa makwerero, ndipo chithunzi chimene anajambula chinali cha mitambo ndi chala chake. Ulendo wobwerera kunyumba sitinayankhulane.

Bwaloli nalonso ndi la mtundu wake. Linatsegulidwa mu 1952 likutchedwa Jan Smuts, dzina la OR Tambo linabwera mu 2006. Lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, kukwera kuposa tauni ya Dedza, ndiye mpweya wake ndi wopepuka, mapiko sagwira msanga. N'chifukwa chake msewu wina wonyamukira ndege ndi wautali makilomita 4.4. Ndege yodzaza mafuta yopita ku Ulaya imathamanga, kuthamanga, mpaka iwe woonerera kuyamba kuipempherera.

Loweruka lina kunabwera galimoto ya achitetezo n'kuima kumbuyo kwathu. Mapepala anga ali bwinobwino, mukudziwa, koma mtima wa munthu wa ku Joni sukhulupirira mapepala. Ndinayamba kale kuganiza za Lindela, kumene amasungirako alendo oti abwezedwe kwawo, n'kumati ndege ndiikweradi, koma osati mmene azakhali akuganizira. Mkulu wa yunifolomu anatsitsa galasi n'kufunsa bwana kuti chachikulu chija chitera nthawi yanji, akufuna achijambulire mwana wake. Atachoka, bwana anandiuza kuti si konse kumene zimatha choncho. Mu 2001 anthu 12 a ku Britain ndi awiri a ku Netherlands anamangidwa ku Greece, pabwalo la ndege za nkhondo la Kalamata, chifukwa cha makope omwewa. Anawaganizira ukazitape, anakhala m'chitokosi kupitirira mwezi, ndipo mlandu unadzawathera chaka chotsatira atachita apilo. Ndiye mwana wanu wamkulu uja mumuuze asatengere za ine n'kukaima ndi foni pafupi ndi ndege za asilikali.

Chithunzi chimene chasokoneza mudzicho tinajambulira ku Rand Airport, ku Germiston, kumene amasungirako ndege zakale za South African Airways kuti anthu azikaona. Ndegeyo ndi Boeing 747 yotchedwa Lebombo. Ndi yomwe inadutsa chapansipansi pamwamba pa bwalo la Ellis Park mu 1995, tsiku la fainolo ya chikho cha dziko lonse cha rugby, Mandela ali pomwepo. Itakalamba anaibweretsa kuno mu 2004, n'kuiteretsa pa kamsewu kopapatiza mamita 15 okha, ndipo sinanyamukenso. Munthu aliyense amalipira pakhomo n'kulowa. Ngakhale inu mukhoza kukhala woyendetsa ndege wa mtundu wanga.

Bwana atamva kuti ndine Mmalawi anakatenga kope lakale la chikuto chong'ambika n'kundionetsa mzere wina: 7Q-YKP, Boeing 737 ya Air Malawi, ija inkatchedwa Kwacha. Anaijambula kangapo kampaniyo isanatsekedwe mu 2013. Ndinamuuza kuti kwathu woyamba kukwera ndege anali amalume, nthawi ya Wenela, kuchoka pa Chileka kukatera ku Francistown, kenako sitima mpaka ku migodi. Nkhope yake inasintha. Amaidziwa bwino ngozi ya pa 4 Epulo 1974, pamene DC-4 ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa anthu kupita ku migodi. Tinakhala chete kanthawi. Kenako, poti matenda ndi matenda, anandifunsa ngati amalume analemba nambala ya ndege imene anakwera. Chonde kawafunseni. Ine zimene ndimakumbukira pa nkhani yawo ndi zoti anatseka maso kuyambira pa Chileka mpaka kukafika, atakumbatira kathumba kosanziramo.

Pali china choti ndiulule, koma chisafike kwa alamu. Tsiku lina bwana anandikodola n'kuti yang'ana uko, yakwanu ikubwera. Inali ya Malawi Airlines, dzina la dziko lathu lili m'nthiti mwake. Maola awiri ndi pang'ono apitawo inali pa Chileka, pamene ine ulendo womwewo ndinayenda masiku awiri pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mapazi atatupa ngati zigumu. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinavula chipewa n'kuyamba kuibayibitsa, ndikukuwa kuti takulandirani, ngati muli wina wondidziwa. Makwerero ndinasiyanso, koma ulendo uno bwana anali pansi. Madzulo ake ndinagula kope la 12 randi pa shopu ya Msomali. Pofika lero ndalembamo ndege 63, ndipo dzulo ndinapsereza nsima chifukwa chothamangira panja kukaona ya Lufthansa. Paja amati chaona mnzako chapita.

Katundu ndapatsira transipota yemwe uja, anyamuka Lachiwiri pa Park Station, pamsewu, osati m'mwamba. Muli bulangete la amayi, nsapato za ana, mafuta ophikira, ndi wailesi ya amalume. Azakhali muwauze asapite ku Chileka Lachisanu. Akwaya apitirize kuimba ndi manja. Koma wina akakhala ndi ulendo wa ku Blantyre, adzere pabwalo la ndege, aime poonekera osati mobisala, andiwerengere zilembo zili kumchira kwa ndege iliyonse imene aipeze, anditumizire. Za 7Q m'kope langa mulibe ngakhale imodzi, ndipo bwana akundiseka.

Moni kwa onse,

Ine mng'ono wanu,
Wogwirizira makwerero