Ya dizilo siifa, imangodwala

Pali bodza limene amuna a mu Harare timauzana Loweruka masana tikakhala pamthunzi, lakuti galimoto ya dizilo siifa. Amene amalinena mokweza kwambiri ndi anthu oyenda pansi. Ine ndili nayo, ndiye ndikhoza kuikira umboni. Kufa siifadi. Imangodwala, ndipo wodwazika matenda ndiwe mwini wake, usiku ndi usana, popanda wobwera kudzakupepesa.

Yanga ndi Toyota Caldina ya m'ma 1990, zazitali kumbuyo zija, injini yake amaitcha 2C: malita awiri, yopanda tebo, yopanda kompyuta, yopandanso changu. Ndinaigula madola 1,200 kwa bambo wina wa ku Glen Norah, amene atalandira ndalama anandigwira chanza ndi manja awiri n'kundiperekeza mpaka kumsewu waukulu. Ndinafika kunyumba ndikuyamikira kuti anthu aulemu akadalipo. Mita yake inaima pa makilomita 386,000, ndipo bamboyo anati yaima posachedwapa. Posachedwapa wa munthu wogulitsa galimoto akhoza kukhala 2008, chaka chija tinkagula buledi ndi mabiliyoni.

Opanga ake sindiwadandaula, anagwira ntchito yawo. Ku Japan galimoto ikayamba kukula boma limafuna kuti iziyesedwa pafupipafupi pa mtengo wowawa, ndipo mu 2003 mzinda wa Tokyo unakhwimitsa malamulo a utsi wa dizilo. Nkhalamba zambiri zinakwezedwa sitima za pamadzi kupita ku Durban ndi ku Dar es Salaam, n'kulowa kuno kudzera pa Beitbridge ndi pa Chirundu. Utsi umene anaukana anthu a ku Tokyo ndi umene ine ndimagawa mwaulere mu Highfield Road m'mawa uliwonse.

M'mawa wa mu June ndiye pamakhala msonkhano. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto. Mafuta amayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, ndipo kukazizira pamafunika mahita anayi kuti afunditse m'kati. Mwa anayi angawo, amene amagwira ntchito amasinthana okha osandiuza. Ndimapotokola kiyi, kudikira kanyali kazime, kubweza, kupotokolanso, kwinaku ndikuilankhula mawu okoma amene mayi a kunyumba amati iwo sanawamvepo chikwatiwire. Ikavomera, imalira ngati chigayo cha pa Lizulu tsiku la msika. Aneba anga ogwira ntchito m'mafakitale a muno mu Southerton anasiya kutchera alamu pafoni. Tsiku limene yakana kulira, ena amachedwa kuntchito, ndipo madzulo amabwera kudzandifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Ikakana timakankha. Tsoka lake, kwathu kuno n'kwachidikha, kulibe chitunda choti n'kuimikapo galimoto usiku kuti m'mawa ingotsetsereka. Ana a mumzere wathu poyamba ankakankha chifukwa cha chisangalalo. Kenaka anayamba kufuna masuwiti. Pano ali ndi wowalankhulira, kamnyamata ka giredi sikisi, kamene kanandiuza mosaphethira kuti ndalama ya ZiG salandira, akufuna dola yeniyeni. Akangomva sitata ikulira mofooka, onse amatulukira pageti atavala kale nsapato.

Galimotoyi yandiphunzitsa kuwerenga utsi. Woyera m'mawa ndi dizilo wosapsa bwino, mahita atopa; ukapitirira injini itatentha kale, ndiye kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa, yamba kupemphera. Wakuda ndi mafuta ochuluka mpweya wochepa: fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, kapena mainjekita akungotsanula m'malo mopopera. Wabuluu ndi oyilo, maring'i atha. Anzanga amaona mtundu umodzi pa nthawi. Yanga imatha kutulutsa yonse itatu pakati pa nyumba ndi Machipisa.

Makaniko wanga amagwirira pansi pa mtengo ku Gazaland, ku Highfield. Agogo ake anachokera ku Mangochi, ndipo Chichewa chake chimatuluka bwino akamatchula mtengo. Alibe makina oyezera. Amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira kukhutu, n'kutsinzina. Akatsegula maso amanena zomwezomwezo: "Madala, injini iyi ndi yabwino kwambiri. Vuto ndi zinthu zimene zaizungulira." Zimene zaizungulirazo ndiye galimoto yonse.

Anandilangiza kuti ndisamalole mafuta kutsika kwambiri m'thanki. Malangizo abwino, koma opita kwa munthu wolakwika. Ine ndimathira dizilo wa madola atatu, wa madola asanu pakakhala pa malipiro, ndipo singano ya mafuta sinaonepo theka chiigulire. Wa petulo mafuta akamuthera amangothira ena n'kumapita. Wa dizilo ayi. Mpweya ukalowa m'mapaipi, umatsegula boneti, kupopa kabatani ka pamwamba pa fyuluta mpaka chala kuchita dzanzi, kumasula timapaipi ta mainjekita ndi sipanala ya 17, wina n'kumaliza injini mpaka thovu lithe, dizilo aoneke. Zimenezi sizichitika utavala ovolosi. Zimadikira Lamulungu, utavala jekete la kutchalitchi. Ku CCAP kwathu anthu amadziwa kuti ndafika asanatembenuke, ndipo benchi yanga imakhala ndi malo okwanira ngakhale pa tsiku la mgonero.

Koma zimene zinandipweteka zenizeni si injini. Ndi kumbuyo kwakutaliko.

Malemu bambo anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu pa malole a Ulere n'kudzagwira ntchito ya fodya, ankakonda kusimba za ma Peugeot 404 ndi 504 aatali kumbuyo amene ankanyamula anthu mu Harare m'ma 1980, makombi asanadzaze misewu. Anthu ankakhala m'buti moyang'anizana, miyendo italukanalukana, chitseko chakumbuyo chili pululu. Ine pogula yangayi ndinkaganiza za ulemu: kufika pa ukwati, kutsika pang'onopang'ono, kiyi akulendewera pachala. Sindinadziwe kuti anthu athu akaona buti yaitali amakumbukira masiku amenewo, ndipo amaona kuti Mulungu wayankha mapemphero a mpingo wonse. Walira mvula walira matope. Galimotoyi yanyamulapo matimati a alamu anga kuchokera ku Mbare Musika, mbuzi ya chinkhoswe, masaka a simenti, odwala opita kuchipatala ku Gomo pakati pa usiku (achinyamata amati Sally Mugabe, ife tinazolowera dzina lakale), ndi kwaya yathunthu pamodzi ndi kiyibodi. Masipuling'i akumbuyo anagonja kalekale, moti galimotoyo imayenda mphuno ili m'mwamba, ndipo usiku nyali zake zimaunika mbalame m'mitengo. Malipiro ake ndi amodzi: "Ambuye akudalitseni, abambo." Ndayesapo kupereka madalitsowo pothira mafuta. Anyamata a pamenepo ndi achikunja.

Maliro ndiye osakamba. Kuno tili kutali ndi kwathu, ndipo munthu amene wakana kuthandiza pa maliro amadziwa yekha kuti tsiku lake adzanyamulidwa ndi ndani. Tsiku lina tinkaperekeza mkulu wina kumanda a Granville, aja timangoti ku Mbudzi. Inali nthawi imene ankamanga milatho pa raundabauti ya Mbudzi, imene anaitsegula mu May 2025 n'kuitcha Trabablas, ndipo magalimoto ankayenda mokwawa m'misewu yolambalala. Ine ndinanyamula amayi a Chigwirizano, miphika, nkhuni ndi zigubu za madzi. Dzuwa la October lili pamutu. Singano ya kutentha, imene masiku onse imagona tulo, inadzuka n'kuyamba kukwera. Amayi ali pakati pa nyimbo, boneti inayamba kufuka nthunzi, ndipo mmodzi anafuula kuti, "Abambo, nsima yapsa kutsogoloku!"

Tinaima. Mdipiti wonse unaima. Simunaone amakaniko ochuluka chotere: akuluampingo, asungichuma a bungwe la maliro, ngakhale bambo wina amene moyo wake wonse wayendetsa njinga yokha. Wina akuti tsegulani chivindikiro, wina akuti musatsegule, wina akuti kwawo ku Dedza amathira dzira laliwisi m'rediyeta. Komiti inagwirizana kuti injini yotentha imafuna madzi ozizira, ndipo zigubu za amayi zinatsitsidwa. Chitsulo chotentha chikalandira madzi ozizira mwadzidzidzi chimachita zimene chimachita. Tinamva kaphokoso kakang'ono, kaulemu, kakuti the. Komiti inabalalika mwakachetechete, aliyense kukakwera galimoto ina. Malemu anafika kumanda pa nthawi yake. Ine ndinafika kunyumba madzulo, pa chingwe, kumbuyo kwa lole ya mchenga.

Makaniko atatsegula anapeza mbiri yonse ya galimotoyo. Themositati munalibe, wina anaichotsa kale poganiza kuti akuthandiza. Fani inali yolumikizidwa ndi waya wa wailesi. M'rediyeta munali miyala yoyera ya madzi a pachitsime, chifukwa ife madzi obiriwira a m'botolo aja timawaona ngati zodzikongoletsera za anthu a ku Borrowdale. Hedi inali itang'ambika pakati pa mavavu. "Injini zimenezi zimapirira zonse," anatero, "kupatula kutentha." Anandiuza zimenezi atalandira kale ya dipoziti.

Apa ndi pamene ndinadziwira kumene zipangizo zimachokera. Kuyambira 2021 boma linaletsa kuitanitsa magalimoto akale opitirira zaka khumi, ndiye abale ake a galimoto yanga sakubweranso. Amene alipo ndi omwewa, ndipo imodzi imakhala ndi moyo chifukwa ina yafa. Ndinayenda mu Kaguvi Street, kumene anyamata amakuthamangira usanaime n'komwe, aliyense akulumbira kuti chimene ukufunacho ali nacho, asanamve kuti n'chiyani. Ndinalowa ku Siyaso, ku Magaba, kumene ukhoza kupeza chitseko, giyabokosi, mbaula, bokosi la maliro ndi munthu wokuuza kuti zonsezo n'zochokera ku Japan dzulo. Hedi ndinakaipeza pa Caldina ina imene inagundidwa kumbuyo, ili gone pa matayala akutha, udzu utamera m'kati. Ndinaima pamenepo kanthawi chipewa chili m'manja. Chaona mnzako chapita.

Chichokereni kumeneko mtima wanga unasintha, ndipo si kusintha kokanena ku mpingo. Ndikaona Caldina ina pamsewu sindionanso galimoto. Ndimaona alitaneta, pampu ya dizilo, nyali yakumanzere. Ndimadziwa kumene zonse za kuno kumwera kwa mzinda zimagona: ina ku Glen View, ina ku Mufakose, ina ya aphunzitsi ena ku Kambuzuma imene ikutsokomola mondipatsa chiyembekezo. Eni ake ndimawapatsa moni mwaulemu kwambiri, n'kufunsa kuti galimoto yadzuka bwanji. Akati ili bwino ndimati tithokoze Mulungu, ndi mawu otsika.

Chimene chimandisowetsa tulo pano ndi lamba wa taiming'i. Buku limati asinthidwe pa makilomita 100,000 alionse, chifukwa akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amakumana ndi mavavu ndipo sakumana mwamtendere. Koma mita inaima. Ndinafunsa makaniko kuti ndidzadziwa bwanji kuti nthawi yakwana. Anati, "Mudzadziwa, madala. Aliyense amadziwa."

Za mapepala ndingodutsamo: laisensi ya ZINARA, inshuwalansi, ndipo kuyambira 2025 sungatenge zimenezi usanalipire laisensi ya wailesi ya ZBC, imene chaka chimenecho inali madola 23 pa miyezi itatu. Ndimalipira mokhulupirika. Kungoti wailesi za magalimoto a ku Japan zimathera pa 90, pamene National FM, imene imatilankhulako m'Chichewa, ili kumtunda kwa pamenepo. Kabokosi kowonjezera manambala kalipo pamsika, koma ndalama yake nthawi zonse imadyedwa ndi china chofulumira. Ndiye ndimamvera injini. Ili ndi mapologalamu ambiri.

Mayi a kunyumba ali ndi kope la sukulu limene amalembamo chilichonse chimene galimotoyi yadya. Salankhula zambiri, amangoliika patebulo pafupi ndi mbale yanga ya nsima, litatsegulidwa. Nditawauza kuti Khirisimasi ikubwerayi tipita kumudzi pa galimoto yathu, kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukatulukira pa Zobue ndi Mwanza, anandiyang'ana nthawi yaitali. Mtunda wa kuchokera kuno kukafika ku Blantyre ndi pafupifupi makilomita 600, ndipo kutentha kwa ku Tete amakudziwa aliyense amene anadutsako. "Abambo," anatero, "inu ndi akazi anu aang'onowo mudzatipeza. Ine ndi ana tikwera basi." Ndinafuna kukwiya, koma anawonjeza kuti atenga chingwe chokokera, mwina angatipeze panjira.

Sabata yatha kunabwera mlendo pageti, bambo wovala bwino, wa nkhope yachifundo. Anati amandiona ndikudutsa pa Simon Mazorodze Road ndipo amasirira mmene ndimaisamalira galimoto yanga. Ndinamutulutsira mpando. Anafunsa za ana, za kumudzi, za mvula, kenaka anafunsa kuti galimoto yadzuka bwanji. Poyankha ndinaona kuti maso ake sali pa ine, ali pa nyali yanga yakumanzere. Kuseri kwa mpanda kunali kutaima Caldina yotuwa, ya diso limodzi.

Ndinamuuza kuti ili bwino kwambiri, sinayambe yakhalapo bwino chonchi. Anati tithokoze Mulungu, ndi mawu otsika, ndipo anandisiyira nambala yake ya foni.