Kalata ya ku Joni: Juzi mu Januwale

Diepsloot, Johannesburg

Okondedwa Amalume,

 Ndamva kuti mvula yagwa bwino kumeneko ndipo mapira amera. Mulungu agwire Shire asalowe m'minda chaka chino. Ine kuno ndiliko, kungoti chimfine chandigwira. Musathamangire kwa asing'anga. Joni yense akuwauka ndi dzuwa, a zanyengo akuchenjeza pa wailesi m'mawa uliwonse kuti tizimwa madzi ndi kukhala pamthunzi, koma mwana wa mlongo wanu, wobadwira ku Ngabu, akuyenda ndi kansalu kopukutira mamina. Wandilodza ndi aircon ya kuntchito.

Muyambe mwamva za kutentha kwa kuno. Joni ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, kukwera kuposa boma la Dedza, choncho kutentha kwake n'kwamanyazi. Kukangofika madigiri 33 kapena 35 kwa masiku angapo, nkhani imakhala yomweyo pa wailesi, m'taxi ndi kutchalitchi komwe. Inu mukudziwa kuti kwathuko mu Okutobala, 35 ndi tsiku loti amayi amapita kudimba akuyamika kuti lero kwachitako bwino. Komabe dzuwa la pamtunda lili ndi kalumidwe kake, limawotcha khungu kamphepo kakuwomba. Madzulo mitambo imasonkhana, ziphaliwali ng'aning'ani, nthawi zina matalala oswa magalasi a galimoto, kenako zii. Kukacha dzuwa lija labweranso.

Ku ofesi komwe ndimakolopa ndi kuphika tiyi, ku Sandton, mawindo satseguka. Anachita kumanga dala choncho, nyumba yonse galasi lokhalokha, mpweya umatsika kuchokera m'timabowo ta kudenga. Kuzizira kwake ndi komwe kuja tinakumana nako tsiku lokatenga thupi la agogo ku mochale, kungoti anthu a muno amayankha foni.

Nkhondo yonse ili pa rimoti. Abwana athu ndi mzungu wamkulu thupi, wokulira m'mafamu a ku Free State, munthu wovala kabudula ngakhale mu Juni udzu utayera ndi chisanu. Iwo amati kukapitirira 18 mutu wa munthu sugwira ntchito. Akangolowa, tii tii tii, 18. Ndiye pali amayi a ku akaunti, Mzulu wolemekezeka, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo. Iwo amati mphepo ya makina imalowa m'mafupa, ndiyo imabweretsa chimfine, nyamakazi ndi mutu waching'alang'ala. Ali ndi bulangete la m'miyendo lomwe limagona pampando pawo chaka chonse, ndipo pansi pa desiki anabisapo hita. Amalume, hita mu Januwale! Kampani ikulipira magetsi oziziritsa chipinda, ikulipiranso magetsi otenthetsa mapazi m'chipinda chomwecho. Abwana akangotuluka kupita kumsonkhano, amayi aja tii tii tii, 26. Abwana pobwera amaima pakhomo, kununkhiza mpweya, n'kufunsa kuti wayatsa moto muno ndani. Palibe amene amadzutsa mutu. Aliyense amakhala wotanganidwa ndi kompyuta kuposa masiku onse.

Mnyamata wa makompyuta salowerera. Iye ali ndi kachipinda ka makina ake komwe kumazizira usana ndi usiku, ndipo salola munthu kuikamo ngakhale botolo la madzi. Ndi amene anandiuza kuti aircon anaiyambitsa ndi munthu wa ku America, Willis Carrier, mu 1902, ndipo sanapangire anthu. Anapangira fakitale yosindikiza ku Brooklyn, komwe mapepala ankafufuma ndi chinyezi inki n'kumasemphana. Ndiye kuti eni ake a mphepoyi ndi mapepala ndi makina, anthufe tikungodyera nawo.

Popeza ndine ndimayamba kufika m'mawa, rimoti imagona m'kabati yanga pamodzi ndi shuga ndi masamba a tiyi. Abwana amandigulira Fanta kuti ndizibisa rimotiyo. Amayi aja amandibweretsera magwinya otentha kuti nawonso ndiziwabisira. Ine ndimalandira zonse ndi manja awiri monga munandiphunzitsira, kenako ndimaika pa 22, onse n'kumadandaula mofanana. Chilungamo ndi chimenecho.

Ndikaweruka ndimavula juzi pa geti, alonda akundiseka, n'kuthamangira taxi. M'taxi lamulo ndi lina: windo satsegula. Anthu 15 mu Quantum, mapewa atagundana, thukuta lili kamukamu, wina wanyamula nkhuku yootcha, koma mawindo onse ali tseke. Ukangokankha pang'ono kuti upume, dzanja limachokera kumbuyo n'kukugwira paphewa, ndipo umamva Chizulu chothamanga chomwe tanthauzo lake umalimva ngakhale sunachiphunzire. Wina akuti mwana adwala, wina akuti tsitsi lachokera ku saluni lero lomwe, agogo ena akuti mphepo ya pawindo inapha mlamu wawo. Adalaivala aircon ali nayo, koma akuti imamwa mafuta. Ife alendo timangomeza malovu, chifukwa ukayankha, lilime limakuulula komwe unachokera, nkhani ya windo n'kusanduka nkhani ya mapepala. Kwa eni kulibe mkuwe.

Kunyumba ndiye kumathero. Kachipinda kanga ndi malata pamwamba, malata m'mbali, ndipo dzuwa la tsiku lonse limandidikira m'katimo. Sopo amasungunuka, majarini ndimachita kuthira pa buledi. Kwathu bwenzi titatulutsa mphasa n'kugona pabwalo mpaka tambala woyamba. Kuno ukagona panja umadzuka wopanda foni, wopanda nsapato, mwinanso wopanda mphasa yomwe wagonerayo. Choncho timakiya chitseko, kunyowetsa chitenje, kufunda, n'kumadikira kuti chiume kuti tikanyowetsenso. Ndinagula fani. A landilodi anaimva kulira usiku womwewo, m'mawa anabwera kudzandiuza kuti renti yakwera chifukwa magetsi tikugawana mita imodzi. Makutu a mayi amene uja, Amalume, amamva ngakhale ketulo isanawire.

Lamlungu tikachoka kutchalitchi timapita ku mall ya ku Fourways, osati kukagula, kukazizidwa. Umatenga tolole, kuikamo buledi mmodzi kuti alonda asakukayikire, n'kumazungulira. Malo abwino ndi pa mafiriji a nyama ndi yogati. Umaima pamenepo nkhope ili gwa, kutembenuza paketi, kuwerenga mtengo, kupukusa mutu, kubwezera, kutenga ina. Mukayang'ana bwino mupeza Amalawi anzathu, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, eni dziko omwe, tonse tikuwerenga mtengo wa nyama yomwe palibe amene agule.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe sichindiseketsa. Loweruka ndimagwira ganyu ya m'galadeni ku Bryanston. Kumeneko misewu ili ndi denga la masamba. Joni kale anali dambo la udzu, mitengo yonseyi anachita kudzala, ma jacaranda aja ochita maluwa ofiirira mu Okutobala anachita kubwera nawo kuchokera ku South America. Ukatsika taxi n'kulowa m'misewu imeneyo thukuta limauma lokha. Ndiye anthu a mitengo ndi omwenso ali ndi aircon, ndi omwenso ali ndi dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba. Kuno ku Diepsloot mthunzi ndi wa chikwangwani cha shopu, ndipo pamakhala pali kale munthu wogulitsa tomato. Amene amagwira ntchito padzuwa ndi amene alibe pothawira. Mu Januwale 2023 antchito a m'minda angapo anamwalira ndi kutentha ku Kakamas, ku Northern Cape, dera lolima mphesa m'mbali mwa mtsinje wa Orange. Nkhani imeneyo ndinaimva nditavala juzi, ndikutsuka makapu.

Ndinakukumbukirani inu. Paja munkatiuza za nthawi ya Theba, kuti musanaloledwe kutsika mgodi ankakulowetsani m'chipinda chotentha chodzaza nthunzi, muli chibadwire, kukwera ndi kutsika pa buloko kwa maola, azungu akukupimani kutentha kwa thupi kuti aone ngati mungapirire pansi. Ana tinkaseka, tinkati amalume awonjezera mchere. Anthu akuluakulu a kuno akunena zomwezo. Mgodi wa golide wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville, watsika makilomita pafupifupi 4, ndipo mwala wa pansipo umatentha kupitirira madigiri 60. Amachita kupanga ayezi pamtunda n'kumamutsitsira pansi kuti anthu athe kugwira ntchito. Inu kutentha kwa Joni munakuona kwenikweni. Ife tikulimbana ndi rimoti.

Tsopano nkhani yomwe ndakulemberani. Msuweni wanga uja, mwana wanu wachisamba, wanditumizira mawu pa WhatsApp kuti popeza nyumba yake yatsala pang'ono kutha, ndimutumizire aircon pa thiransipota, yoyera, ya rimoti, yofanana ndi ya ku banki. Mumuuze kuti ndamva, ndipo ndaseka mpaka a landilodi anagogoda. Aircon ya chipinda chimodzi imadya magetsi oyendetsa mafani pafupifupi 20. Iye ali ndi kasola kotchajira foni ndi babu limodzi, kamene mitambo ikangobwera kamagona. Pholo la magetsi lili ku msika. Ngakhale atakoka waya, wayiwala kodi mdima uja tinaudya namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, pakhomo pathu pomwepo? Kunonso mu 2023 magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ma aircon onse ali duu, mabwana akudzipepeza ndi mafayilo. Ndipo makinawa amafuna chipinda chotsekeka. Nyumba yakeyo ilibe siling'i, mawindo anatseka ndi matumba a feteleza. Akufuna kuziziritsa boma lonse la Chikwawa ndi ndalama zanga? Walira mvula walira matope. Tsiku loyamba adzaitana mudzi wonse kudzaona, mwezi ukatha adzandiimbira kuti mayunitsi atha.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi mawu ake omaliza, oti akufuna kugwetsa mtengo wa bwemba wa pabwalo uja kuti awotchere njerwa za mpanda. Amalume, mtengo umene uja ndi pomwe mumaweruzira milandu, ndi pomwe amayi amasinjira, mbuzi ndi ana amagawana mthunzi wake popanda kukangana za 18 kapena 26. Kuno anthu amalipira ndalama zambiri kuti akhale pafupi ndi mtengo wotero, ndipo ine amandilipira kuti ndizisesa masamba ake. Akaugwira ndi nkhwangwa, chisuweni chathera pomwepo.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, nambala ndakulemberani pa foni. Theka mugule matabwa ndi mabolodi a siling'i, malata asamamuwotche pamutu. Yotsalayo mugule nkhuni za njerwa kwina, ndipo ana adzale nimu kumadzulo kwa nyumbayo mvula isanathe. Thiransipota wa mwezi wamawa abweretsa fani yotchaja pa sola, bulangete la amayi ndi nsapato zanu. Faniyo ndi yanu, osati ya msuweni wanga. Thiransipotayo pobwerera mumupatsire ufa woyera, mlamba wouma ndi bwemba wodzaza jumbo, woti ndizivuwika m'madzi ndikaweruka.

Mundiperekere moni kwa a mfumu, kwa azakhali ndi onse a kumpingo. Nkhwangwa ija muibise kuchipinda kwanu.

Ine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni