Ulendo wa ku Greece Unathera pa Dziwe la Nkhalamba

Pa Luchenza munthu wolemekezeka sayenda pansi. Ngakhale akupita pamsika pomwepa, amaima m'mbali mwa msewu, dzanja lina m'thumba, linalo n'kukodola wakabaza. Ukangooneka ukupuntha wapansi dzuwa lili paliwombo, pofika madzulo tauni yonse yamva kale kuti geni yakugwa, kapena a banki m'khonde akulanda njinga. Miyendo tinasiyira othyola tiyi, amene amalawirira mbandakucha kulowera kumaesiteti, ndi amayi otola nkhuni.

Choncho ambiri anagwira pakamwa atamva kuti akuluakulu ena a m'tauni muno, eni magolosale, aphunzitsi, wogulitsa mankhwala ndi mkulu wa mpingo, atsegula gulu la pa WhatsApp la anthu oyenda pansi. Gwero lake linali mwana wa mlongo wa mwini golosale wina, mnyamata amene ali kunja. Iye anaponya pa Facebook zithunzi ali pa chilumba cha Santorini ku Greece, kumbuyo kwake nyumba zoyera mbee ndi matchalitchi a madenga abuluu, n'kulemba kuti wayenda wapansi kuchoka ku Fira mpaka ku Oia, mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Anthu anamuwombera m'manja. Amalume ake anaona zithunzizo usiku wonse, ndipo kutacha anali atazindikira kuti kuyenda pansi kulipo kuwiri: kwa munthu wosowa ya kabaza, ndi kwa munthu amene wagula tikiti ya ndege kuti akayende pansi kwa eni.

Msonkhano woyamba unachitikira kuseri kwa golosale ndipo unatsegulidwa ndi pemphero. Asanakambe za ulendo anayamba ndi chisankho. Mwini golosale anakhala tcheyamani chifukwa mipando inali yake. Panasankhidwa wachiwiri wake, mlembi, msungichuma, woona za zakudya, woona za mwambo, mneneri wa gulu, aliyense ndi womutsatira. Munthu mmodzi amene anatsala wopanda udindo anayamba kumanga nkhope, ndiye anamupatsa ulangizi.

Mlembi anawerenga zofunika kuchokera pafoni: pasipoti, viza ya Schengen, ndege yochokera pa Chileka kudzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg mpaka ku Athens, kenako sitima ya pamadzi yonyamukira pa doko la Piraeus, ndipo zonsezi kulipira kwake ndi ma euro. Atafunsa kuti ali ndi pasipoti ndani, dzanja linakwera limodzi, la bambo amene anagwirako ntchito ku Joni, ndipo pasipotiyo inatha mphamvu kalekale.

"A Tcheya," anatero mkulu wa mpingo akukonza jekete, "zilumba zimenezi ine ndimazidziwa. Yohane uja wa Chivumbulutso anali pa Patmos, koma sanapiteko kokasangalala, anali wandende. Paulo atangonyamuka pa Crete, chombo chinakumana ndi namondwe mpaka chinasweka. Sindikuletsa ayi, ndikungokumbutsa."

Panali zii. Amene anapulumutsa gulu ndi mayi woona za zakudya. "Achimwene, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tatembenukani."

Onse anatembenuka. Phiri la Mulanje linali pomwe limakhala masiku onse, ndipo m'gululo munalibe ndi mmodzi yemwe amene analipondapo. Kuno phirili timaligwiritsa ntchito yoonera ngati kukubwera mvula kuti tianule zovala. Mphunzitsi anaimirira n'kufotokoza kuti nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndiponso kuti alendo amalitcha chilumba cha m'mlengalenga chifukwa mitambo ikalizinga m'munsi limaoneka loyandama. Atangomva za chilumba, a tcheyamani anamenya tebulo. Greece inali yapezeka, ndipo yosafuna viza.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni inayamba, ntchito imene ife timaitha kuposa mtundu wina uliwonse: kukonzekera. Misonkhano itatu inathera pa mtundu wa magofu. Wina akati abuluu, mnzake ankati tioneka a chipani. Akati ofiira, achikasu, obiriwira, aolenji, uliwonse unapezeka kuti uli ndi mwini wake, ngati si wandale ndiye wampira. Anagwirizana za mtundu wa phulusa. Msonkhano wachinayi unali wokambirana ngati dzina la tcheyamani lilembedwe pamtima kapena kumsana. Wachisanu mphunzitsi wina anakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani akuluakulu, mwina ndinaphonya. Kodi alawansi yake ndi zingati?"

Atauzidwa kuti ulendo uno wolipira ndi iyeyo, anati chiyambire ntchito sanayendepo ulendo wopanda posayina, ndipo sangayambe ukalamba uno. Anatuluka m'gulu la WhatsApp, koma gofu anatenga.

Tsiku la msika kaunjika anayenda malonda. Anthu anagula majombo a chipale chofewa, majekete a ubweya, magalasi akuda ndi zipewa zophimba makutu. Wachiwiri kwa tcheyamani anapeza ndodo imodzi ya masewera a pachisanu, inzake inali itagulidwa kale ndi mneneri, ndipo awiriwa sanalankhulane mpaka tsiku la ulendo.

Mphunzitsi amene anatsala anayesetsa kulongosola njira. Anati ulendo umayambira pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, pomwe mumalipira n'kutenga wolondolera njira ndi onyamula katundu. Kukwera ku Chambe kuli njira ya Skyline, yachidule koma yoimirira, ndi ya Chapaluka yotsata mtsinje. Pamwamba pali tinyumba togonamo alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, ndipo ofuna Sapitwa kawirikawiri amagona pa Chisepo n'kulawirira. Anawonjeza kuti ulendo wotere umadya masiku, komanso chiperoni chikagwa munthu suona ngakhale mnzako ali patsogolo pako. A tcheyamani anamvetsera mogwedeza mutu n'kugamula kuti nkhomaliro tikadyera pa Sapitwa, madzulo tibwerere chifukwa golosale siingagone yotseka.

Ananena kuti 5 koloko m'mawa aliyense akhale ali pasiteji, wochedwa asiyidwa. Minibasi inanyamuka cha m'ma 10, itadikira mwini lamuloyo kuti asite gofu. Pa Chonde inaima kuti mlangizi apereke moni kwa apongozi. Pa Chitakale inaima kuti anthu agule nanazi, ndipo poti chiwaya chinali pafupi, panadyedwanso tchipisi cholimbitsa mawondo. Pofika ku Likhubula dzuwa linali litapendeka.

A tcheyamani, amene anawononga ndalama ya thumba la feteleza pogula majombo, anatha theka la ola akunenerera mtengo wa wonyamula katundu. Mnyamatayo anavomera mwaulemu, n'kusenza bokosi la zoziziritsa kukhosi pamutu, sipika kumsana, poto wa mpunga m'manja, kuphazi atavala patapata. Wolondolera njira ananong'oneza kuti mnyamatayu amathamanga nawo Porters Race, mpikisano wa chaka ndi chaka wa makilomita oposa 20, wokwera phiri n'kutsikanso, umene akatswiri amaumaliza maola atatu asanakwane. Msungichuma anafunsa ngati othamangawo amakhala kuti akuthamangitsidwa ndi chinachake.

Sipanapite nthawi, majekete a ubweya anayamba kuvulidwa n'kuwonjezedwa pa katundu wa mnyamata uja. Kutsogolo kunatulukira amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, akutsika mosagwira paliponse, uku akucheza. Ataona chigulu cha anthu ovala zofanana, nkhope zili zakugwa, wina akubuula atagwira mtengo, anapatuka n'kunjuta.

"Pepanitu abambo. Kodi zovutazi zagwa kumtundaku?"

Mneneri anayankha kuti ayi mayi, tikungoyenda. Amayiwo anayang'anana. "Kungoyenda? Osakatenga kanthu?" Anapitiriza ulendo wawo, ndipo kuseka kwawo kunamveka mpaka atakhota.

Pamalo ena opumira a tcheyamani anakamba mawu ogwira mtima okhudza mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali, ndipo ocheka matabwa mozemba autha pafupifupi wonse. Anati anthu osakonda dziko lawo ayenera kumangidwa. Anthu atawomba m'manja, anakokera pambali wolondolera njira n'kumufunsa chapansipansi ngati akudziwa munthu amene angawapezere matabwa asanu okha a chitseko.

Kenako kunasowa msungichuma. Anamupeza kuseri kwa mwala, mafupa a nkhuku ali mbwee, pakamwa pali noninoni. Iye sanatekeseke. Anakumbutsa gulu zimene makolo amanena, kuti m'phiri la Mulanje ukapeza chakudya chokonzakonza ndiye kuti akupatsa ndi mizimu, ndipo mwambo wake umadya wekha osaitana mnzako. Mayi woona za zakudya anafunsa kuti mizimuyo inayamba liti kuphikira m'poto wolembedwa dzina lawo. Woona za mwambo anati nkhaniyi ikakambidwa kumsonkhano, popeza nayenso anali atalandirako chiwalo.

Atafika pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe madzi amagwa kuchokera pathanthwe, aliyense anadzigwetsa pamwala. Mphamvu zinabwerera pokhapokha mafoni atatuluka. Anajambulitsa atakweza ndodo, atakweza zibakera, ataloza kumwamba, mnyamata wa katundu atauzidwa kuti asunthe pang'ono asaoneke. Kenako a tcheyamani anafunsa kuti mwa nsonga zikuonekazi, Sapitwa ndi iti, kuti aone ngati n'kofunika kumaliza.

"Bwana, phiri simunaliyambe," anatero wolondolera njira. "Pano ndi pomwe ana a sukulu amadzacheza Loweruka."

Nkhaniyi inaponyedwa mavoti, ndipo onse anagwirizana kuti kumtunda kukuoneka ngati kukubwera chiperoni. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

Sabata yotsatira mamembala ankadziwika ndi kutsimphina, ndipo aliyense ankatsimphina kwambiri akaona anthu. Wina akafunsa, yankho linali lokonzeka: "Ndi za kuphiritu izi, achimwene. Si za aliyense." Pamsonkhano wounikira ulendo, mlembi analemba kuti gulu linafika chifupi ndi Sapitwa. Msungichuma anapereka lipoti loti ndalama zonse zinatha ndipo gulu lili naye ngongole. Pa mfundo ya ulendo wa chaka chamawa, mphunzitsi anatchula Likoma, chilumba chenicheni cha pa nyanja yathu, chokhala ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's, kumene anthu amapita pa sitima ya Ilala.

"Imani pomwepo aphunzitsi," anatero a tcheyamani. "Mwati yoyenda ndi sitimayo, ife titakhala pansi?"

"Eya, a Tcheya."

"Mlembi, lembani kuti yadutsa. Tsopano tikambe za mtundu wa magofu."