Impso si ngongole ya fizi

Pa siteji ya Namitete, pomwe minibasi za ku Mchinji zimaima kudikira anthu, amayi awiri anakhala pa matumba a mtedza akucheza mokweza. Nkhani inali ya bambo wina wa ku Kabudula amene impso zake zinasiya kugwira ntchito. Sabata iliyonse amapita ku Kamuzu Central kukasefetsa magazi pa makina, ndipo akuti madokotala anena kuti n'kofunika akamuike impso ya munthu wina ku India.

"Alamu, abale anakhala pansi, nkhani inatha," anatero wamkuluyo. "Apereka ndi mwana wa mlongo wawo uja. Suja fizi yonse amamulipirira ndi amalume akewo?"

"Nanga mwini wake wati chiyani?"

"Anene chiyani pamaso pa eni mbumba? Wangoti chabwino."

Mnzakeyo anapukusa mutu. "Mtsikana kuvomera pabwalo la akulu, alamu, mukuti wavomeradi?"

Funso limeneli ndi lomwe dokotala woona za nkhaniyi ayenera kuyamba nalo. Munthu amakhala moyo ndi impso imodzi, n'zoona. Koma woperekayo amalowa mu opaleshoni yaikulu asakudwala chilichonse, ndiye ayenera kuuzidwa zonse: kuti adzayezedwa magazi, shuga ndi BP, kuti atabwerako adzafunika kumaonedwabe kuchipatala moyo wake wonse, komanso, poti ndi mtsikana, kuti chiopsezo cha BP yokwera akadzakhala ndi pakati chimakulirako. Ndipo awuzidwe ali yekha m'chipinda, amalume ndi amayi ake ali panja. Akafuna kubwerera m'mbuyo, ngakhale tsiku la opaleshoni litafika, ufulu ali nawo, ndipo chifukwa chake dokotala sakachiulula kumudzi.

Ku India komweko lamulo la 1994 limaletsa kugulitsa ziwalo. Limatchula abale apafupi monga makolo, ana, obadwa nawo ndi mwamuna kapena mkazi wa wodwalayo. Mwana wa mlongo mulibe. Kwa ife Achewa malume ndiye mwini mbumba, koma kumeneko mtsikanayu akaonekera kaye ku komiti yofufuza ngati palibe ndalama kapena chikakamizo. Ena adzati n'kuchedwetsa wodwala. Ine ndikuona kuti mwina pamenepo m'pokha pomwe wina adzamufunse maganizo ake enieni.

Sindikuwadzudzula abalewo. Kuona munthu wako akutupa miyendo, ndalama za fodya zikuthera m'thiransipoti ya ku Lilongwe, kumapweteka, ndipo mwina mtsikanayo akufunadi kupulumutsa amalume ake ndi mtima wonse. Akatero wachita chinthu chachikulu. Chomwe chinandivuta ndi mawu a fizi aja. Ndalama sizinasinthane manja, komabe pali mtengo womwe watchulidwa, ndipo dokotala wa ku India sadzaumva pokhapokha womasulira Chichewa pa tsikulo atakhala munthu wina, osati wachibale amene anali pabwalo paja.